Zikakana, Bwerani Mudzandifunse

Madzulo amenewo anayamba ngati madzulo ena onse. Amayi anali atatsuka mbale, atapukuta tebulo, ndipo anali pampando wawo wa pawindo akusokerera batani pa malaya amene palibe akanawavalanso. Mwana wawo wamkazi anali m'chipinda cha malemu achimwene ake, maso ali pa kompyuta. M'nyumba yosanja imene ankakhalayo, kuyambira pansi mpaka pamwamba, mtsikanayu ankadziwika kuti Kadzidzi. Anamupatsa dzinali ndi achimwene akewo, chifukwa anthu akamapita kogona iye m'pamene maso ankakhala ali gwa.

Kuti mumvetse zimene zinachitika, muyambe mwadziwa ntchito imene achimwenewo anasiya. Pali gulu la anthu odzipereka, omwazikana m'mayiko osiyanasiyana, ambiri osaonanapo maso ndi maso. Gululi linapanga pulogalamu yaulere yojambulira mapu a mapaipi a madzi. Aliyense angathe kuitenga, kuiona m'kati, ngakhale kuikonza. Vuto lake, inalembedwa m'chinenero cha kompyuta chakale, cholimba ngati fupa. Achimwene a Kadzidzi ndi amene analemba kachigawo kolumikiza pulogalamuyo ndi chinenero china chosavuta, chimene anthu ambiri amachidziwa. M'gulumo kachigawoka ankangokatchula kuti mlatho. Patsamba loyamba la gululo, m'munsi mwa mawu akuti mlatho, munali dzina lawo.

Amayi za makompyuta sankazidziwa, ndipo sankafuna n'komwe kuzidziwa. Koma dzinalo ankalidziwa. Chimwalirire mwana wawo pa ngozi ya njinga yamoto, m'mawa uliwonse ankabwera ndi kapu ya tiyi n'kuima kumbuyo kwa mpando.

"Tandionetsa m'bale wako."

Kadzidzi ankatsegula tsambalo. Amayi ankaloza dzinalo ndi chala, osakhudza galasi, kenako n'kupita kukasesa. Kumanda ankapitako mwa apo ndi apo. Mwana wawo ankamuonera apa.

Mlathowo unali wabwino, koma malangizo ake anali ochititsa manyazi. Achimwene anali katswiri, inde, koma pa nkhani yolemba malangizo anali aulesi otheratu, ndipo izi tizinene ngakhale anatisiya. Mlatho munthu ukautenga sungoyamba kuugwiritsa ntchito. Umayamba waumanga pa kompyuta yako, potsatira malangizo mzere ndi mzere. Pa laputopu ya achimwene unkamangika bwinobwino. Pa kompyuta ya wina aliyense unkakana, n'kulavula mawu ofiira sikirini yonse. Anthu akadandaula, iwo ankangoseka n'kunena kuti, "Kwanga kuno zikutheka." Kumapeto kwa malangizowo analembako mzere wanthabwala: Zikakana, bwerani mudzandifunse, ndimagona mochedwa. Laputopu ija inaphwanyikira limodzi ndi mwini wake pamsewu.

Tsiku limenelo mkulu wa gulu anali atatumiza uthenga. Unali waulemu, koma ulemu wake wozizira. Anati kukacha gulu litulutsa pulogalamu yatsopano. Iye mwini atenga kompyuta yopanda kanthu n'kutsatira malangizo a mlatho monga alembedwera. Ukamangika, ukhala. Ukakana, auchotsa, ndi dzina lomwe, chifukwa sangamapatse anthu chinthu chimene palibe angathe kuchiimika. Kadzidzi sanamukwiyire. Munthuyo anali atadikira mokwanira.

Malangizowo Kadzidzi anali atawalemba mwatsopano, mwadongosolo. Zida zoyamba kuika, mtundu wake wa chida chilichonse, foda yoikamo mafayilo, zonse zinalipo. Koma akafika pamzere wakuti "Tsopano mangani", mawu ofiira aja ankabwera. Panali kanthu kamodzi kosowa, kamene achimwene ankachita pa laputopu yawo osaganiza n'komwe, monga munthu amatsekera chitseko ndi chidendene. Mawu onse akale anali atawafufuta, kupatula mzere wanthabwala uja. Umenewo dzanja linkakana.

Gululi lili ndi lamulo lake poyesa malangizo, ndipo anamuphunzitsa ndi achimwene omwewo, amene sankalitsatira. Umapeza munthu wosadziwa kanthu, umamukhazika pa kompyuta yopanda kanthu, iwe wolemba n'kukhalira manja ako. Kukhalira kwenikweni, manja pansi pa ntchafu. Suloza, sunong'oneza. Akasochera, umapita pa kiyibodi yako n'kulemba m'malangizomo, iye awerenge yekha. Chifukwa chake n'chakuti chimene wanena pakamwa chimathandiza munthu mmodzi, kamodzi kokha. Koma usiku umenewo Kadzidzi analibe munthu womuyesera.

Amayi anasuzumira pakhomo atavala kale zogonera.

"Iwe, maso amenewo ndi ako omwe, ulibe ena. Uzigonako."

"Ndigona posachedwa, amayi."

"Bodza. Mawa undionetse."

Anatseka chitseko chawo. Za uthenga wa mkulu wa gulu Kadzidzi sanawauze, ndipo mtima unkamupweteka nazo.

Nyumba yosanja inayamba kukhala chete pang'onopang'ono. Wailesi ya banja la pansi inazimitsidwa. Khanda la pamwamba linalira, linalira, kenako linatopa. Kunatsala kudontha kwa mpopi wa kubafa. Kadzidzi anafufuta zonse pa kompyuta yake yoyesera, anayambanso, zinakana. Anasintha, anayambanso, zinakana.

Ndiye patsamba limene anthu amalembapo madandaulo panatulukira uthenga watsopano. Wolembayo analibe dzina, analibe chithunzi.

Ndafika pamene pakuti tsopano mangani. Zakana.

Poyamba Kadzidzi anangodzuma. Kenako anawerenganso uthengawo. Mawu akuti "tsopano mangani" m'malangizo akale munalibe. Anali ake, a tsiku lomwelo, ndipo anali asanawatumize kulikonse. Anali pa kompyuta yake yokha.

Anadziuza kuti mwina ndi kutopa. Anawonjezera mzere wina m'malangizomo, wonena za chida china choyenera kuika. Sanatumize. Asanachotse n'komwe zala pa kiyibodi, uthenga wina unabwera.

Chidacho ndaika. Zakanabe.

Anawerama n'kuzula chingwe cha intaneti kukhoma. Timagetsi tobiriwira tapa kabokosi tinazima. Anakhala tsonga. Sikirini inaphethira.

Malangizo akuti ndibwere.

Masitepe a nyumbayo ali ndi nyale imene imayaka yokha munthu akamadutsa, ngakhale mphaka amaiyatsa. Kuwala kwake kumalowa pansi pa chitseko chachikulu. Kadzidzi anamva mapazi akukwera, mosafulumira, ngati a munthu wonyamula chinthu chosafunika kugwedeza. Anatuluka m'chipinda n'kuyang'ana pansi pa chitseko. Panali mdima wokhawokha.

Mapazi anaima. Kunamveka kugogoda.

Kugogodako kunkachokera m'munsi mwa chitseko. Pa anthu onse amene anabwerapo pakhomo limenelo, mmodzi yekha ankagogoda ndi phazi, chifukwa manja ankakhala atanyamula laputopu ndi chisoti cha njinga. Amayi ankamukalipira tsiku ndi tsiku kuti achotsa utoto.

"Ndani?" Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono.

"Pepani mayi. Malangizo akuti zikakana ndibwere ndidzafunse."

Anali mawu osakwera, osatsika, ngati a munthu wowerenga chikwangwani. Munthu wanzeru sakanatsegula. Kadzidzi naye ankadziwa zimenezo. Koma phazi lija linagogodanso, ndipo anaopa kuti amayi adzuka. Komanso, tisabise, panali china. Iye ankasowa munthu wosadziwa kanthu, ndipo munthuyo anali ataima pakhomo. Anatembenuza kiyi.

Mlendoyo anavala jekete la mvula, ngakhale kunja kunali kouma, ndipo chipewa chake chinali chitaphimba mutu. Ananyamula laputopu yotsegula ndi manja awiri. Kuwala kwake kunkaunika jekete, zipi, khosi, koma pankhope sikunkafika. Ankanunkha fumbi lonyowa ndi petulo. Anamutsatira Kadzidzi mpaka m'chipinda chija, n'kuima pakati. Pakhoma panali chithunzi cha njinga chimene achimwene anamata ali kusukulu. Pakona panali nsapato zawo. Mpando wawo unali pomwepo, ndi khushoni yake yong'ambika.

"Ndikhale pati, mayi?"

Funso limenelo linamulasa Kadzidzi kuposa mantha. Analoza mpandowo. Mpando umenewo unkalira ngakhale munthu waikapo chikwama. Mlendoyo atakhalapo, unangoti zii.

Galasi la laputopu yake linali losweka kuchokera pakona. M'kati mwake munalibe kanthu, ngakhale fayilo imodzi, kupatula malangizo a Kadzidzi, onse, mpaka mzere umene anali atangowonjezera. Kadzidzi anakhala pabedi. Anaika manja pansi pa ntchafu.

Mlendoyo anayamba pamwamba. Ankawerenga mzere mokweza pang'ono, n'kuchita zimene wawerenga, osawonjezera, osachotsera. Anali woyesera wabwino kuposa onse amene munthu angapemphe. Koma akamaliza mzere, chala chake chachikulu chinkamenya batani lalitali la m'munsi mwa kiyibodi kawiri, popanda chifukwa. Kadzidzi anakula akumva kamvekedwe kameneko kudzera pakhoma, ndipo ali mwana ankagona nako.

"Tsopano mangani," anawerenga mlendoyo. Sikirini inafiira. "Zakana. Kenako nditani?"

Kadzidzi anadzuka, anapita pa kompyuta yake, analemba chimene anaganiza, n'kubwerera kukakhalira manja. Mawuwo anaonekera okha pa laputopu yoswekayo. Mlendoyo anafufuta zonse n'kuyambiranso pamwamba. Anafika pamzere womwe uja.

"Zakana. Kenako nditani?"

Zinapitirira choncho. Kadzidzi ankalemba, mlendo ankayesa, kufiira kunkabwera. M'chipindamo munayamba kuzizira moti zala zakuphazi zinachita dzanzi. Ulendo uliwonse akayambiranso, zala za mlendoyo zinkachedwa kuposa poyamba. Nthawi ina kanthu kakuda kanadontha kuchokera m'mkono wa jekete n'kugwera pakati pa mabatani. Iye sanapukute. M'malangizo munalibe zopukuta.

Kadzidzi analimba mtima.

"Achimwene?"

Mlendoyo anayendetsa chala pa sikirini, kuchokera pamwamba mpaka pansi, akufufuza.

"Mawu amenewo m'malangizo mulibe, mayi."

Misozi inatsika, ndipo Kadzidzi sanathe kuipukuta chifukwa manja anali atawakhalira. Apa m'pamene anamvetsa. Munthu amene anamanga mlatho ndi manja ake anali atafufutidwa ngati kompyuta yoyesera. Zonse zimene ankasunga m'mutu zinatsala pamsewu paja. Chimene anali nacho ndi zolembedwa basi, ndipo zolembedwazo zinali zoperewera chifukwa cha ulesi wake womwe.

Kunja galimoto yoyamba yonyamula zinyalala inadutsa. Windo linayamba kutuwa. Mlendoyo anafikanso pamzere uja, koma ulendo uno sanadine batani. Anaweramitsa mutu.

"Ndatopa, mayi," anatero, ndipo kwa nthawi yoyamba mawuwo ananjenjemera. "Ndakhala ndikuyesa chichokereni. Ndikungofuna ndimalize ndizipita."

Kadzidzi ankayang'ana manja a mlendoyo. Dzanja lamanzere linadzuka lokha, linaima pamwamba pa mabatani ngati likufuna kulemba kanthu kasanafike kumanga, linagwedezeka, kenako linagwera pantchafu. Anazindikira kuti dzanjalo linkachita zimenezi ulendo uliwonse, usiku wonse, iye osaliona. Mutu unaiwala, koma dzanja linkadziwa kuti pali chotsala.

Ndipo chinabwera. Anaona m'mawa wina wakale, iye atangoyamba kumene ntchitoyi, atakhala pampando womwewo, mawu ofiira ali pamaso pake. Achimwene anali pakhomo la bafa, thaulo paphewa, mswachi m'kamwa, thovu likudontha. Anafuula mawu osamveka bwino chifukwa cha mswachiwo: "Iwe Kadzidzi, usanamange uyambe wa..." Zonse zinabwera, mawu ndi mawu. Kanali kanthu kakafupi, kopusa, kosakwana n'komwe mzere wathunthu.

Kiyibodi yake inali pafupi pomwepo. Kunali kungodzuka, kulemba, basi. Mlendo akanawerenga, mkulu wa gulu akanawerenga, dziko lonse likanawerenga.

Koma mlendoyo anatembenuka. Usiku wonse anali asanamuyang'ane. Chipewa chinasendera kumbuyo pang'ono, ndipo kuwala kwa pawindo kunagwera pa maso. Anali maso amene anamuperekeza tsiku loyamba kusukulu, amene ankamutsinzinira amayi akamakalipa. Tsopano anali ofiira, otopa, opempha ngati a mwana wotayika pamsika.

"Kenako nditani?"

Manja anali akadali pansi pa ntchafu. Pakamwa m'pamene panathawa. Anamuuza.

Mlendoyo analemba, zala zikuthamanga ngati kale. Anadina batani. Mizere yoyera inayamba kutsika, yambirimbiri, osaima. Panalibe kufiira. Pamapeto pake panatuluka mawu obiriwira onena kuti zatha bwino. Anapuma mpweya wautali, mapewa n'kutsika. Kenako anaseka, kuseka kuja kwa m'mphuno kumene m'nyumbamo munali musanamveke chichitikire maliro.

"Waona, Kadzidzi? Kwanga kuno zikutheka."

Anatseka laputopu n'kuimirira. Mpando unalira. Anadutsa pabalaza, chitseko chinatseguka, chinatsekeka, mapazi n'kuyamba kutsika mopepuka.

Kadzidzi analumphira pa kiyibodi, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Anaika zala pa mabatani. Zala zinaima. Anatsinzina. Khomo la bafa analiona, thaulo analiona, mswachi ndi thovu lomwe. Pakamwa pa achimwene pankayenda. Mawu panalibe. Anayesa kubwereza zimene lilime lake linali litangonena kumene, koma lilime linali lolemera ngati lachilendo. Musafunse kuti kanali kanthu kanji. Akanakhala kuti alipo akudziwa, nkhaniyi bwenzi kulibe.

Anatuluka osavala nsapato. Nyale ya pamasitepe inamuyakira bwinobwino. Anatsika akufuula kuti, "Achimwene, tabwerezani! Tabwerezani kamodzi kokha!" Mlonda wa nyumbayo anamupeza kutacha atagwira zitsulo za geti, mapazi ali mbuu, maso ali kumsewu. Getilo linali lokhoma, kiyi ali m'thumba la mlondayo. Analumbira kuti sipanadutse munthu. Anangowonjezera, motsitsa mawu, kuti galu wake analowa pansi pa benchi usiku ndipo anakana kutuluka.

Kadzidzi anabwezeretsa chingwe chija n'kutumiza malangizowo momwe analili. Uthenga wa mkulu wa gulu unafika dzuwa litakwera. Anayamikira malangizo atsopano, anati anali omveka kuposa ena onse m'gulumo. Anawatsatira mpaka pamzere wakuti "Tsopano mangani". Zinakana. Anapepesa kwambiri.

Amayi anabwera ndi kapu yawo ya tiyi n'kuima kumbuyo kwa mpando.

"Tandionetsa m'bale wako."

Kadzidzi anatsegula tsambalo. Chala cha amayi chinapita pamalo pake pa masiku onse. Chinakwera pang'ono, chinatsika pang'ono. Mayina ena anali atasendera kutseka mpatawo, moti munthu sakanadziwa kuti panali kanthu.

"Ndinamumva usiku," anatero amayi, maso ali pagalasi. "Ndinamumva akuseka. Ndimayesa wamuthandiza."

"Ndinawathandiza, amayi. Koma ndinawauza pakamwa."

Amayi sanamvetse, ndipo sanafunse. Anaika kapu patebulo, tiyi asanamulawe n'komwe. Tsiku limenelo m'nyumba simunasesedwe.

Pamasitepe anthu ananong'onezana kwa nthawi yaitali. Mayi wa banja la pansi lija ankati mtsikanayo mutu wamusokonekera ndi makompyuta, munthu osagona ngati mfiti ungayembekezere chiyani. Bambo wa khanda lija ankati ayi, malemu anabwera kudzatenga chake, ndipo munthu akatenga chake palibe mlandu. Mlonda sankanena zambiri. Anangopempha kuti amusinthe azilondera masana.

Onsewo ankaganiza kuti nkhani inathera pomwepo, chifukwa lamulo la gulu lija sankalidziwa. Chonenedwa pakamwa chimathandiza munthu mmodzi, kamodzi kokha. Ndipo kompyuta yoyesera, ikamaliza ntchito, imafufutidwa kuti iyambirenso yopanda kanthu.

Patapita masiku, madzulo ena, nyale ya pamasitepe inakhala yozima pamene mapazi ankakwera. Kadzidzi anathamangira pa kompyuta, anatsegula malangizo, anapita pamzere wanthabwala uja. Anadziwa kuti akaufufuta, mlendoyo sadzakhalanso ndi chomubweretsa. Chala chili pa batani, anamva dzanja pa phewa lake. Amayi sadziwa kuwerenga za pa kompyuta, koma anapukusa mutu.

"Usiye. Tsamba lija anandilanda. Apa pokha usiye."

Mzerewo ulipo mpaka lero. Kadzidzi akuyesabe, masana ndi usiku, ndipo waonda moti malaya akumukhuthuka. Wayesa zonse zimene munthu angaganize, koma kanthu kaja sikanabwererenso. Mpando wa amayi unachoka pawindo. Masiku ano uli pafupi ndi chitseko chachikulu, ndipo utoto wa m'munsi mwa chitsekocho watha, koma palibe amene akukalipa. Kukada, amayi amakhala pamenepo ndi malaya aja pamiyendo, kumvetsera. Akamva phazi, ndi iwo amene amatsegula, ngakhale mlendoyo sawadziwa ndipo amawapatsa moni ngati mayi wina aliyense.

Kadzidzi amakhala pabedi, manja pansi pa ntchafu, ngakhale tsopano palibe chimene pakamwa pake pangathawitse. Amamvetsera mizere ikuwerengedwa umodzi umodzi, batani lalitali likumenyedwa kawiri. Amadziwa pamene mawuwo akaime. Kenako mutu uja umatembenuka.

"Pepani mayi. Zakana. Kenako nditani?"